Ana Anga, Mapu Sasenza Dziko Lonse

Ana anga, inu amene mwayamba kulemba nkhani za maiko opeka, maiko a mafumu, zinjoka, amatsenga ndi mizinda imene munthu sanaipondepo, senderani pafupi ndikuuzeni mawu. Ntchito mwayambayi ndi yabwino, ndipo mtima wanga umakondwa ndikaona mwana akuumba dziko lake m'mutu. Koma mapu amene mukujambula kuti aperekeze nkhani zanu akundidetsa nkhawa. Adzaza mpaka m'mphepete. Phiri lakwera pamsana pa phiri linzake, mitengo yameza mitsinje, maina apanikizana moti diso likusowa popumira. Munthu akafuna kuona kumene ngwazi ya m'nkhanimo yachokera ndi kumene yalowera, amasochera papepala pomwepo, ulendo usanayambe.

Chimene chabweretsa zimenezi ndikuchidziwa. Mapulogalamu a pakompyuta monga Inkarnate, Wonderdraft ndi Azgaar's Fantasy Map Generator amadzala nkhalango yonse pa kamphindi, amamanga malinga makumi asanu tiyi asanazizire. Kale wojambula ankatopa dzanja, ndipo kutopako kunkamukakamiza kufunsa pa mtengo uliwonse kuti, kodi mtengo uwu ukufunika pano? Lero dzanja silitopa, ndiye funsolo lasowa wolifunsa. Apa ndi pamene chinthu cha mtengo wapatali chikupulumuka m'manja mwanu inu osazindikira: luso losankha choika ndi chosiya. Mukuona chilichonse chokongola n'kumati chilowe. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gwirani lusoli lisanakutayikeni, chifukwa wojambula mapu wosadziwa kusiya amangodetsa pepala.

Dziwani poyamba kuti mapu onse a padziko pano amasiya zinthu. M'chaka cha 1893, Lewis Carroll wa ku England anasimba m'buku lake la Sylvie and Bruno Concluded za anthu amene anapanga mapu aakulu ngati dziko lawo lenilenilo. Mapuwo sanawatambasule n'komwe, chifukwa alimi anadandaula kuti aphimba minda n'kutsekereza dzuwa. Jorge Luis Borges wa ku Argentina analembanso fanizo lotere mu 1946. Phunziro lake musaliphonye: mapu okana kusiya kanthu sathandiza munthu. Choncho musanagwire pensulo, dzifunseni kuti mapuwa anyamule ndani, akupita kuti, ndipo akufuna kudziwa chiyani. Woyendetsa chombo akufuna madoko ndi miyala yobisala m'madzi. Mkulu wa asilikali akufuna mipata ya m'mapiri ndi milatho. Wamalonda akufuna misika ndi zitsime za m'njira. Wowerenga buku lanu akufuna kutsata mapazi a ngwazi. Sankhani munthu mmodzi pa mapu amodzi, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa.

Musathawe masamu a sikelo. Ndi ochepa, ndipo ndiwo maziko a zonse. Tengani pepala la A4, lija la masentimita 21 m'lifupi ndi pafupifupi 30 m'litali. Pa sikelo ya 1:1,000, sentimita imodzi ikuimira mamita 10, ndipo pepalalo linyamula mudzi umodzi kapena linga limodzi. Pa 1:50,000, sentimita ikuimira theka la kilomita, ndipo pepala linyamula dera la makilomita 10 ndi theka m'lifupi ndi pafupifupi 15 m'litali. Pa 1:1,000,000, sentimita ndi makilomita 10, ndipo ufumu wonse ukwanapo. Pa 1:10,000,000, sentimita ndi makilomita 100, ndipo maufumu ambiri ndi nyanja zawo alowa pa tsamba limodzi. Tsono onani nyumba ya mamita 10. Pa sikelo yoyamba ija ndi sentimita yathunthu, mutha kujambula ndi khomo lomwe. Pa yachiwiri yatsala kadontho kochepera theka la milimita. Pa yachitatu yasoweratu, ndipo ngakhale mzinda wa makilomita awiri wasanduka mamilimita awiri okha. Lembani sikelo pansi pa pepala musanajambule kanthu, chifukwa ndiyo idzakuletsani pamene mtima ukufuna kuwonjezera.

Masamu omwewa akuphunzitseninso kuti zimene mumaika pa mapu a patali ndi zizindikiro chabe. Kamzere ka theka la milimita pa sikelo ya 1:1,000,000 kakuimira mamita 500 m'lifupi, koma msewu wotambalala chotero kulibe. Kamtengo ka mamilimita asanu pa sikelo ya 1:10,000,000 kaphimba makilomita 50. Zimenezi n'zololedwa, malinga mukudziwa kuti kamtengoko kakunena kuti kuno kuli nkhalango, basi. Musawerenge mitengo, musawerenge mapiri. Ikani timitengo tokwanira kuti diso limve uthengawo, kenako lekani.

Phunzirani kwa J.R.R. Tolkien, amene mapu ake ndiwo ambiri a inu mukuwatengera osawaphunzira bwino. Munthuyu anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anakulira ku England, ndipo anaphunzira kuwerenga mapu ali msilikali wotumiza mauthenga pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, kumene anakafika ku Somme mu 1916. Polemba The Lord of the Rings ankajambula pa pepala la timabokosi, bokosi lililonse likuimira mamailosi 100, n'kumawerengetsa masiku a ulendo ndi kaonekedwe ka mwezi. Iye mwini ananena m'kalata kuti anayamba ndi mapu, nkhani n'kumaitsatiza pa mapuwo. Bukuli litatuluka mu 1954 ndi 1955, linabwera ndi mapu atatu osiyana sikelo, ojambulidwa ndi mwana wake Christopher. Oyamba ndi a dera la Shire la m'bukumo, kwawo kwa anthu aafupi otchedwa hobbit, dera losakhudzana ndi mtsinje wathu wa Shire. Pamenepo pali midzi monga Hobbiton ndi Bywater, tinjira, tinkhalango, mlatho wa Brandywine ndi powolokera pa bwato. Achiwiri ndi a dziko lalikulu la Middle-earth, ndipo pamenepo Shire yense watsala kachigawo kakang'ono ka maina ochepa. Achitatu ndi a Rohan, Gondor ndi Mordor, kumene kunali nkhondo, ndipo akuonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka ndi timapiri toyatsirapo moto wochenjeza.

Mapu achitatuwo sanabwere mwamasewera. Tolkien anaona kuti mapu aakulu aja sakukwanitsa kuonetsa mayendedwe a magulu a nkhondo, ndiye anatha masiku ambiri akusintha sikelo, masiku atatu omaliza osadya kapena kugona mokwanira. Christopher anakhala maola 24 osagona akujambulanso kuti afike kwa osindikiza pa nthawi yake. Bambo ndi mwana anavutika chotero pofuna kupewa chinthu chimene inu mukuchichita mosavuta, kuthira zonse pa tsamba limodzi. Tengerani chitsanzo chimenecho. Gawani dziko lanu pa mapu atatu: a patali, a pakati ndi a pafupi. Ngakhale opanga masewero a Dungeons & Dragons, amene anayamba mu 1974, amalangiza chimodzimodzi. Buku lawo la otsogolera masewero la mu 2014 limagawa mapu patatu, kachigawo kamodzi ka ngodya zisanu ndi imodzi kuimira mailosi imodzi pa mapu a dera, mamailosi 6 pa mapu a ufumu, ndi mamailosi 60 pa mapu a dziko lalikulu.

Pa mapu a patali ikanipo mafupa a dziko okha: gombe la nyanja, mizere ya mapiri, mitsinje ikuluikulu, zipululu, nkhalango zazikulu, malikulu a maufumu ndi misewu yolumikiza malikuluwo. Gombe musalipotoze mopitirira, chifukwa tinthu ting'onoting'ono ta m'gombe sitioneka patali. Lewis Fry Richardson, katswiri wa masamu wa ku England, anapeza kuti malire a Spain ndi Portugal ankalembedwa makilomita 987 ku Spain koma makilomita 1,214 ku Portugal. Panalibe wonama, kungoti woyeza ndi muyezo waufupi amalowa m'timakhotero tambiri ndipo mtunda umamutalikira. Benoit Mandelbrot anakulitsa mfundo imeneyi mu 1967 polemba za kutalika kwa gombe la Britain. Kwa inu tanthauzo lake ndi ili: sikelo iliyonse ili ndi gombe lake. Pa mapu a patali onetsani magombe olowa kwambiri ndi nsonga zazikulu za mtunda. Timadoko ta asodzi tisungireni mapu a pafupi.

Mitsinje isamaleni, chifukwa ndi pamene ana ambiri amaonekera kuti sanayang'ane dziko. Madzi saiwala khwawa. Amachokera pokwera kupita potsika, ndipo timitsinje timakumana n'kupanga mtsinje waukulu. Kawirikawiri mtsinje sugawikana pakati pa ulendo, umagawikana pafupi ndi mathiriro ake, monga achitira Zambezi pofika ku nyanja ya mchere. Nyanja nayo imalandira mitsinje yambiri koma kawirikawiri imatulutsa umodzi. Yang'anani Nyanja ya Malawi: Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe ndi Ruhuhu yonse imathira momwemo, koma wotuluka ndi Shire yekha. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotuluka, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere. Pa mapu a patali jambulani mtsinje waukulu ndi nthambi zake ziwiri kapena zitatu. Pa mapu a pakati onjezerani timitsinje timene munthu angavutike kuwoloka m'dzinja. Makwawa ndi akasupe adikire mapu a pafupi. Ngati m'dziko lanu madzi akukwera phiri chifukwa cha matsenga, nenani m'nkhanimo kuti ndi matsenga, wowerenga asaganize kuti ndi umbuli.

Mapu a pakati ndiwo a ulendo, ndipo awa ndi amene mumawanyalanyaza kwambiri. Muyezo wake ndi phazi la munthu. Wosenza katundu panjira yabwino amayenda makilomita 25 kapena 30 pa tsiku, ndipo m'mapiri kapena m'matope amayenda ochepera apo. Ngolo ya ng'ombe imatsalira m'mbuyo. Choncho ikani pa mapuwa zimene wapaulendo angafunse madzulo aliwonse: agona kuti, amwa kuti, awoloka pati, msonkho alipira kwa yani, ndipo achifwamba amabisala pati. Midzi isatalikirane kuposa ulendo wa tsiku limodzi m'dera la anthu, ndipo ikatalikirana pakhale chifukwa chooneka, kaya chipululu, kaya nkhondo, kaya zilombo. Frodo wa m'buku la Tolkien ananyamuka kwawo pa 23 Sepitembala n'kukafika kuphiri la moto pa 25 Malichi. Miyezi isanu ndi umodzi imeneyo wowerenga amaimva m'miyendo, chifukwa mtunda wa pa mapu ndi masiku a m'nkhani zikugwirizana. Inu ngwazi yanu isawoloke makilomita 1,000 pa masiku atatu ili wapansi. Wowerenga akangogwira bodza limodzi lotere, sakhulupiriranso ngakhale chinjoka chanu.

Pochoka pa mapu a pafupi kupita pa a patali, patulirani. Mlimi akaona mbewu zamera zambiri paphando limodzi amazula zina, ngakhale zili zobiriwira, kuti zotsalazo zibereke. Akatswiri a mapu anayeza ngakhale kuchuluka kwa zoyenera kutsala. Mu 1966 Friedrich Töpfer ndi Wolfgang Pillewizer anafalitsa lamulo lonena kuti sikelo ikachepa kanayi, zinthu zotsala zikhale theka, ndipo ikachepa ka 25, patsale gawo limodzi mwa magawo asanu. Ngati pa 1:50,000 munali ndi midzi 100, pa 1:200,000 patsale 50, ndipo pa 1:1,250,000 patsale 20. Komanso kumbukirani kuti sikelo ikachepa kanayi, malo a papepala amachepa ka 16, ndiye ngakhale theka lotsalalo lipanikizana. N'chifukwa chake kuchotsa kokha sikukwanira. Phatikizani timidzi tisanu toyandikana tikhale kadontho kamodzi. Wongolani msewu wokhotakhota, mungosiya makhotero awiri osonyeza kuti ndi wa m'mapiri. Msewu ndi mtsinje zikagundana, sunthani msewu pang'ono kuti zonse zioneke, koma musausamutsire tsidya lina la mtsinje. Mzinda umene munaujambula ndi makoma ndi zipata usanduke kabwalo kakang'ono kokhala ndi dzina.

Posankha chotsala, musayang'ane kukula kokha. Yang'anani kulemera kwa chinthucho m'nkhani. Chilumba cha Likoma n'chotalika pafupifupi makilomita 8, ndiye pa sikelo ya 1:10,000,000 sichikwana ngakhale milimita imodzi, koma wojambula mapu a Malawi sangachisiye, poti pali likulu la boma komanso tchalitchi chachikulu cha St Peter. Nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje ndi yaing'ono poyerekeza ndi nkhalango zina, koma wojambula mapu a mbiri ya Amang'anja ayenera kuiika, chifukwa m'menemo muli kachisi wa Mbona. Tolkien naye anaika phiri la Weathertop ndi kamudzi ka Bree pa mapu ake aakulu, popeza pa Weathertop ndi pamene Frodo analasidwa ndipo ku Bree ndi kumene anakumana ndi mnzake Aragorn. Tsatani lamulo ili: malo aliwonse amene nkhani yawatchula ndipo wowerenga angawafunefune, apezeke pa mapu amodzi mwa atatuwo. Malo amene nkhani sinawatchule alowe pokhapokha ngati akufotokoza chifukwa chimene njira yakhotera kapena malire adutsira pamenepo.

Pa mapu a pafupi ndi pamene mungamasule dzanja, koma ngakhale pamenepo funsani kuti chichitike pano n'chiyani. Ngati pali nkhondo, onetsani zipata, makoma, chitsime ndi pothawira. Ngati pali kuba, onetsani makomo, mawindo ndi poima alonda. Onani mapu a Thror m'buku lina la Tolkien, The Hobbit, la mu 1937. Pali phiri limodzi, mtsinje wotuluka m'phirimo, chinjoka, ndi dzanja loloza kumene kuli khomo lobisika. Nkhalango yaikulu ya Mirkwood yangolozedwa ndi muvi m'mphepete. Kum'mawa ndiko kuli pamwamba, chifukwa m'nkhanimo eni mapuwo ankajambula motero. Ntchito ya mapuwo ndi imodzi, kufikitsa munthu pakhomo, ndipo chilichonse chili pamenepo chikutumikira ntchito imeneyo. Onaninso mapu a Treasure Island, buku la Robert Louis Stevenson la mu 1883. Chilumbacho n'cha mamailosi pafupifupi 9 m'litali ndi 5 m'lifupi, ndipo pali kuya kwa madzi, pokocheza chombo, mapiri owonekera patali ndi timitanda tofiira tosonyeza chuma. Amenewo ndi mapu a amalinyero, ndipo akuonetsa zofuna amalinyero. Inunso dziwani kuti m'dziko lanulo mapu anajambula ndani. Mlembi wa mfumu adzakulitsa likulu. Msodzi adzadziwa gombe, kumtunda n'kusiya koyera.

Malo oyera musawaope, ana anga. Mantha a malo oyera ananamiza anthu ophunzira kwa zaka zambiri. Mu 1798 James Rennell wa ku England anajambula mzere wa mapiri kumadzulo kwa Africa n'kuwatcha Kong. Ojambula ena anakopera, enanso n'kukopera kwa okoperawo, ndipo mapiriwo anakhala pa mapu ambiri pafupifupi zaka 100. Louis-Gustave Binger wa ku France atayenda m'deralo kuyambira 1887 mpaka 1889, anapeza kuti mapiriwo kulibe. Koma kale mu 1749 Jean-Baptiste d'Anville anali atajambula mapu a Africa n'kusiya poyera paliponse pamene analibe umboni, ndipo mpaka lero amalemekezedwa chifukwa cha kudziletsa kumeneko. M'dziko lopeka malo oyera ali ndi ntchito ziwiri. Amapumitsa diso kuti lione zofunika, ndiponso amakusiyirani inu eni ake malo a nkhani za mawa. Mukadzaza ngodya zonse lero, buku lachiwiri mudzaliika pati? Kum'mwera ndi kum'mawa kwa mapu a Tolkien kuli maina ochepa monga Harad ndi Rhûn, ndipo owerenga akhala akulota za maiko amenewo kwa zaka zoposa 60.

Maina nawo ali ndi akulu ndi ang'ono, ndipo aliyense akhale pampando wake. Dzina la ufumu lilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu zotalikirana. La likulu lichepereko, la mudzi lichepe kuposa apo. Dzina la mtsinje litsate mtsinjewo, ndipo dzina lisagone pamwamba pa linzake. Misinkhu itatu kapena inayi ya zilembo yakwana. Christopher Tolkien anagwiritsa ntchito mitundu iwiri yokha pa mapu aakulu aja, wakuda ndi wofiira, ndipo maina ofiirawo amawerengeka bwino pakati pa mapiri akuda. Mukamaliza, sindikizani mapuwo pa msinkhu weniweni wa tsamba la buku. Pafoni mumakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, koma papepala wowerenga alibe chokulitsira. Dzina limene simungaliwerenge mutatambasula mkono, likulitseni kapena lichotseni. Kenako patsani mnzanu amene sanawerenge nkhaniyo, mumuuze aloze njira yochokera kwawo kwa ngwazi kukafika kulikulu. Akachedwa, musamukalipire, vuto lili pa mapu. Mutu umodzi susenza denga.

Zimene mwachotsa musazitaye. Khalani ndi mapu anuanu a ntchito, odetsedwa, odzaza ndi manambala ndi zofufuta, pamodzi ndi kope lolembamo mtunda wa pakati pa malo ndi malo. Mapu atatu a owerenga achokere pa amenewo, kuti asatsutsane. Mlatho ukakhala kumpoto kwa mzinda pa mapu a pafupi, usapezeke kum'mwera pa mapu a pakati. Ndipo mapu a ntchitowo asungeni ngati chikalata cha munda. Stevenson anajambula chilumba chake mu 1881 ku Braemar, ku Scotland, nkhani isanabadwe. Atatumiza mapuwo kwa osindikiza anasowa, ndipo anachita kufufuza buku lonse kuti atole malo onse amene anawatchula n'kujambulanso. Iye anadandaula kuti achiwiriwo sanafanane ndi oyamba mumtima mwake. Koma onani phindu la kusamala: mu 1981 Karen Wynn Fonstad, katswiri wa mapu wa ku Wisconsin, anatulutsa The Atlas of Middle-earth, buku lathunthu la mapu a maiko, mizinda, nyumba, nkhondo ndi maulendo a tsiku ndi tsiku. Anatha kutero chifukwa miyezo ya Tolkien inali yolimba moti munthu wina akanatha kumangapo.

Tsono mawu amene akundilemera kwambiri ndi awa. Simungasankhe bwino za dziko lopeka ngati simukudziwa dziko lenileni. Ambiri a inu mukudzaza mapu ndi malinga a ku Ulaya, mitengo ya paini ndi mapiri a chipale, chifukwa ndi zimene pulogalamu yakupatsani. Pamene nkhani yanu ili ya dziko lozizira, palibe cholakwa. Koma pamene anthu anu akulima mapira, akupempha mvula ndi kuweruza milandu pabwalo, mapu awo aonetse zimene iwo amasamala: dambo la msipu, chitsime chosaphwa m'chilimwe, phiri lothawirako nkhondo, manda a mafumu, pophikira mchere, ng'anjo zosungunulira chitsulo. Ursula K. Le Guin anayamba ndi kujambula yekha zilumba za Earthsea asanalembe buku lake la mu 1968, ndipo dziko lake silinafanane ndi la Tolkien. Marlon James wa ku Jamaica anajambula yekha mapu a buku lake la mu 2019, Black Leopard, Red Wolf, lozikidwa pa mbiri ndi nthano za mu Africa, ndipo anaika mapu a dziko lonse padera, a mizinda padera. Anthu amenewa anasankha okha. Inunso sankhani nokha.

Choncho tulukani panja. Kwerani phiri la kwanu muone zimene zimasowa mukafika pamwamba: nkhuku zimayamba kusowa, kenako anthu, kenako nyumba, n'kutsala mtsinje, msewu ndi utsi wa midzi. Mmenemo ndi mmene sikelo imagwirira ntchito, ndipo diso lanu liiphunzire lokha. Yendani wapansi ulendo wa tsiku lathunthu kuti mudziwe kulemera kwa makilomita 20. Funsani agogo anu mmene ankalongosolera njira kwa mlendo. Mudzamva kuti satchula mtengo uliwonse, amatchula mlambe wa pamphambano, powolokera ndi mudzi wa mfumu. Safunsa anadya phula. Pezani mapu enieni a dera lanu a sikelo ya 1:50,000, muwaike pambali pa mapu a dziko lonse, muwerenge zimene akatswiri anachotsa ndipo mudzifunse chifukwa chake. Kompyuta musaitaye, ndi chida chabwino, koma ibwere pambuyo pa pensulo, mutadziwa kale chimene mukufuna. Ndipo musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndakuuzani zonsezi chifukwa ndikufuna maiko anu akhale ndi moyo, owerenga awalowe osasochera, ndipo adzukulu anu adzawapeze akadali olimba. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa musawagoneke nthawi yaitali. Sabata ino tengani mapu amene mumawanyadira kwambiri. Lembani sikelo pansi pake. Lembani dzina la munthu amene awanyamule ndi funso limene akufuna liyankhidwe. Chilichonse chosayankha funsolo chisamutsireni pa mapu ena kapena m'kope lanu. Mukatero mundionetse, ana anga, ndipo tidzayende limodzi njira ya ngwazi yanu kuchokera pakhomo pake mpaka kumene ikupita.